Griddle yanga ikupsereza mbali imodzi, lawi lake ndi lachikasu

Anaphiri a ku Area 25: Mwaswera bwanji abale anga pagulu pano. Ndabwera ndi vuto, makamaka kwa inu amene mumagwira ntchito m'makhitchini akuluakulu. Mwezi watha ndinagula griddle ya gasi, chitsulo chafulati chija chokazingirapo mazira ndi nyama, ya ma burner (poyakira moto) atatu, kwa munthu wina amene ankatseka malo ake odyera. Ndinkafuna ndisiyane ndi makala, thumba lakwera mtengo komanso utsi unkandithawitsira makasitomala a m'mawa. Masiku oyambirira zinkayenda bwino ndithu. Koma pano dzira ndikangoswera likukakamira, potembenuza likung'ambika. Kumanzere soseji zikupserera, kumanja zikungofunda. Ndikasuzumira kunsi, lawi la kumanjako ndi lachikasu, lofooka ngati la koloboyi, ndipo khoma la kuseri lada bii ndi mwaye. Silinda ya 19 kg ndikadzaza Lolemba, pofika Lachinayi yatha. Kodi anandigulitsa chinthu chakufa kale?

Wa Chiwaya pa Lunzu: Pepani mayi. Imeneyo ndi jeti, kachitsulo kokhala ndi kabowo kotulukira gasi, yatsekeka basi. Masulani burner, mutokose kabowoko ndi singano yosokera matumba kuti kakule pang'ono. Moto ubwera wambiri.

Mmisiri wa ku Limbe: Anaphiri, singanoyo isiyeni kaye. Achimwene a pa Lunzu mundikhululukire, koma ma jeti ambiri amene ndimasintha anaonongeka ndi singano yomweyo. Kabowo kaja anakayeza ku fakitale kuti gasi wotulukamo agwirizane ndi mpweya umene burner imakoka. Jeti ndi ya chitsulo chofewa, mukangokulitsa kabowoko sikabwereranso. Gasi amachuluka, mpweya n'kuperewera, mwaye n'kuwonjezeka kuposa kale. Lawi lachikasu silitanthauza kuti gasi akuchepa ayi. Chimene chikuchepa ndi mpweya. Lawi labwino limakhala la buluu, lalifupi, lokhazikika pa timabowo ta burner. Koma tisanapite patali, Anaphiri, amene amaphikapo sakudandaula mutu?

Anaphiri a ku Area 25: Bambo mwandiopsa. Mnyamata wanga wakhala akudandaula mutu ndi chizungulire pafupifupi m'mawa uliwonse. Ndinamutumiza kuchipatala poganiza kuti ndi malungo, sanamupeze nawo. Zenera timatseka m'mawa chifukwa kukuzizira.

Mmisiri wa ku Limbe: Ndiye burner ya kumanjayo musayiyatsenso mpaka ikonzedwe, ndipo zenera likhale lotsegula nthawi zonse moto ukamayaka, kuzizire kusazizire. Gasi akamapsa moperewera mpweya amatulutsa carbon monoxide, mpweya woipa womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Sununkha, suoneka. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Mnyamatayo akadzamvanso choncho atuluke panja msanga, ndipo kuchipatala mukawauze kuti amagwira ntchito pa moto wa gasi wotulutsa mwaye.

Admin: Uthenga wa bambo a ku Limbe ndauika pamwamba kuti aliyense auone. Pitirizani.

Achimwene a ku Joni: Asisi Anaphiri, za lawi ndiwasiyire amisiri. Ine ndafika pa nkhani ya dzira. Kuno ku Johannesburg timaitcha flat top, ndipo ndakhala pa chitsulo chimenechi zaka zambiri, kuyambira ndili wotsuka mbale. Dzira likamakakamira, funso langa loyamba limakhala limodzi: amatseka ndani usiku, ndipo amatsuka bwanji?

Anaphiri a ku Area 25: Amatsuka mnyamata yemweyo, ndipo ndi waukhondo kwambiri. Akangozimitsa moto amathirapo ndowa ya madzi kuti chizizire msanga, kenako sopo wa ufa ndi sitiliwulu mpaka chitsulo chiyere mbee. Ndinamuphunzitsa ndine, monga timachitira ndi mapoto.

Achimwene a ku Joni: Apo ndiye pagona nkhani asisi. Chitsulo cha griddle sichifunika kuyera mbee ngati poto wa aluminiyamu. Chikamagwira ntchito bwino chimakhala chodera, chosalala, chonyezimira pang'ono ngati chikungwa cha mkate. Mtundu umenewo si litsiro. Ndi mafuta opyapyala amene anapsera pa chitsulo n'kuuma, n'kutseka timaenje tosaoneka ndi maso. Ndi amene amachititsa kuti dzira liziterereka. Mnyamata wanu usiku uliwonse akuchotsa chikopa chimenecho ndi sopo, m'mawa dzira likugwera pa chitsulo chamaliseche. Ndiye madzi aja akatsalira, pofika m'mawa simukupezapo timadontho tofiira?

Anaphiri a ku Area 25: Tikupezapo ndithu, makamaka m'makona. Timangopukuta.

Achimwene a ku Joni: Ndi dzimbiri limenelo. Koma chimene chandiwawa kwambiri ndi ndowa ya madzi ozizira. Chitsulocho ndi chochindikala, zambiri zimayambira 12 mm mpaka 25 mm. Pamwamba pakazizira mwadzidzidzi pamene kunsi kukadali moto, chimakokana. Tsiku limodzi simuona kanthu. Koma mukamatero masiku onse chimapindika, kapena m'mbali mmene anawotcherera mumang'aluka, mafuta n'kuyamba kudonthera pa ma burner.

Wa Chiwaya pa Lunzu: Koma akulu, ife chiwaya timatsuka ndi mchenga ndi madzi tsiku lililonse, zaka ndi zaka, tchipisi sichikakamira. Musawaopseze mayiwa.

Nachisale wa ku Dedza: Achimwene, chiwaya chanu tchipisi chimasambira m'mafuta, chingakakamire pati? Pa griddle timangopaka timafuta. Komanso chiwaya chikapindika mumapita nacho kwa owotcherera, amakuwongolerani ndi hamala tsiku lomwelo. Chitsulo cha griddle simungachiwongole choncho.

Wa Chiwaya pa Lunzu: Apo ndamva mayi. Zoona, n'zosiyana.

Achimwene a ku Joni: Ndikuuzeni mmene timatsekera kuno, mwina mutolapo china.

Masana onse chopalira sichichoka m'dzanja. Ukangochotsa nyama, umapala pomwepo zotsalira n'kukankhira mu ngalande ya mafuta. Ukazisiya zimapserera n'kusanduka chikhakha chakuda, ndipo chikhakha chimenecho chimatchinga kutentha, malo ena n'kumaphika mochedwa. Ambiri amati griddle yakalamba pamene yangovala chikhakha.

Usiku timazimitsa moto n'kudikira chitsike kutentha, chifike cha m'ma 150°C, chotentha ndithu koma osati chofuka utsi. Timapala kaye. Kenako timathira mafuta ophikira pang'ono, n'kukhula ndi griddle brick, njerwa yakuda yopepuka ngati siponji youma. Umakhula motsata mizere ya chitsulo, kutsogolo ndi kumbuyo, osazunguliza, ndiponso osakanikiza ngati ukupera mpeni. Mafuta aja amasanduka phala lakuda, umalikankhira mu ngalande. Madzi ngati afunika, ndi ofunda, theka la kapu, pamalo pamene pauma kwambiri, ndipo nkhope uyiike kutali chifukwa nthunzi yake imawotcha. Ukatero upukute ndi nsanza yonyowa kawiri katatu mpaka nsanzayo isiye kuda, chifukwa fumbi la njerwa likatsalira kasitomala amalimva m'mano. Pomaliza chitsulo chikauma, supuni imodzi kapena ziwiri za mafuta, kupaka paliponse ndi nsalu, mopyapyala kwambiri. Chigone choncho.

Njerwayo si ya tsiku lililonse ngati mwapala bwino masana. Ndi ya pamene chikhakha chayamba kumera.

Anaphiri a ku Area 25: Njerwa imeneyo kuno sindinaionepo. Ndingagwiritse chiyani? Nanga poti changa chayera kale, ndiyambire pati?

Achimwene a ku Joni: Funsani m'mashopu ogulitsa zipangizo za mahotela. Mukaisowa, chopalira chakuthwa bwino ndi mchere wa miyala wosakaniza ndi mafuta, kukhula ndi nsanza yopinda, zimagwira ntchito. Sitiliwulu ine sindimukonda, timawaya take timathothoka n'kulowa m'chakudya. Poyambira ndi apa: chotsani dzimbiri lonse, muumitse, muyatse moto wapakati. Chikatentha pakani mafuta ophikira mopyapyala, mupukute ngati mukufuna kuwachotsanso onse, musiye afuke utsi mpaka usiye wokha. Mubwereze katatu kapena kanayi. Muona chikusintha mtundu, kuyambira pakati kupita m'mbali. Mukathira mafuta ambiri nthawi imodzi chimanata ngati ulimbo, ndiye muyambiranso.

Mayi a Mapasa, Cape Town: Ndiwonjezereko chimodzi chisanaiwalike. Zonse anena achimwenewa ndi za chitsulo wamba. Pali ma griddle ena a chrome, owala ngati galasi loonera nkhope. Amenewo njerwa ayi, sitiliwulu ayi, ngakhale kugogodapo ndi m'mphepete mwa chotembenuzira ayi. Ukangokanda chrome yapita. Kwathu kuntchito timangogwiritsa chopalira chake, madzi ndi bulashi yofewa. Anaphiri onetsetsani kaye kuti chanu ndi chiti.

Anaphiri a ku Area 25: Changa chikuchita dzimbiri, ndipo pogula chinali chakuda. Ndi chitsulo wamba ndithu. Zikomo mayi.

Mmisiri wa ku Limbe: Tibwerere kunsi tsopano. Anaphiri, mawa m'mawa musanayatse, chitsulo chili chozizira, mutseke silinda, muchotse regulator, chija cha pa silinda chochepetsa mphamvu ya gasi. Mukachotsa chitsulo cha kutsogolo kumene kuli zopotokolera, muona ma burner, mapaipi aatali okhala ndi timabowo. Kumayambiriro kwa paipi iliyonse, pomwe jeti imalozera, pali kazenera kolowera mpweya. Gasi akamatuluka mwamphamvu pa jeti amakoka mpweya kudzera pamenepo, n'kusakanikirana m'paipimo asanafike pa lawi. Kazenera kameneko kakatsekeka ndi mafuta ndi fumbi, kapena m'paipimo mukalowa chinthu, lawi limasanduka lachikasu. Griddle imene yakhala m'sitolo miyezi ingapo osayaka ndimaikayikira nthawi zonse. Akangaude amaluka m'menemo, mavu amamanga dothi, mphemvu zimaikira.

Solorani burner, muunikemo ndi tochi ya foni. Mutsuke ndi bulashi ya botolo, timabowo ta pamwamba mukhule ndi bulashi ya waya, mugogode zinyalala zituluke. Mukatsuka ndi madzi, iume gwa musanabwezere. Jeti mungoipukuta kunja ndi kuipemerera ndi pampu ya njinga. Ngati manja akuchita mantha, itanani munthu wodziwa za gasi, si ntchito ya ndalama zambiri. Koma valavu ndi mapaipi a m'kati musamasule nokha.

Chinanso, kuseri kwa griddle kuli potulukira utsi. Musagundize kukhoma, ndipo pasamaikidwe thireyi kapena nsanza zoyanika.

Anaphiri a ku Area 25: Ndagundiza kukhoma ndithu, malo ndi ochepa. Ndisuntha. Funso lina bambo: neba wanga akuti ndichotse regulator yaing'onoyi ndiike yofiira ija yokhala ndi chopotokola, yomwe ndimaphikira nsima ya anthu ambiri, kuti moto ukule. Zili bwino?

Mmisiri wa ku Limbe: Ayi mayi, chonde. Yofiirayo ndi ya mphamvu yaikulu, ya mbaula zachitsulo zija za mapoto akuluakulu. Griddle imafuna mphamvu yochepa. Zambiri zochokera ku South Africa zimalembedwa 2.8 kPa, ena amalemba 28 mbar, ndi chimodzimodzi. Mukaika yofiira, lawi limadumpha kuchoka pa burner, limatha kuzima gasi akutulukabe, ndipo mavalavu amaonongeka. Yang'anani kachitsulo kolembedwa m'mbali kapena kuseri kwa griddle, mutiuze zimene alemba. Muonenso ngati alemba LPG, ndiye gasi wa m'masilinda ameneyo. Zina zobwera kuchokera kunja zimakhala zokonzera natural gas wa m'mapaipi, ma jeti ake ndi aakulu, ndipo ukazilumikiza ku silinda zimafuka mwaye ma burner onse.

Anaphiri a ku Area 25: Ndapukuta, zikuwerengeka. Alemba LPG, 2.8 kPa, kenako 1.6 kg/h. Pa regulator paliponso 2.8.

Mmisiri wa ku Limbe: Ndiye regulator ili bwino, musaigwire. Nambala yomalizayo ikuyankha funso lanu la gasi. Ma burner onse atatu akatsegulidwa mpaka kumapeto amadya 1.6 kg pa ola. Gawani 19 ndi 1.6, mupeza maola osakwana 12. Ngati mnyamata amatsegula onse mpaka kumapeto maola anayi pa tsiku pofuna kuti kumanja kutenthe, masiku atatu silinda yatha. Ogulitsa gasi sanakubereni. N'chifukwa chakenso kumanzere kukupserera.

Achimwene a ku Joni: Eya. Chitsulo chochindikala chimasunga moto. Mumachiyatsa mphindi 20 kapena 30 musanatsegule, pa moto wapakati, kenako mumatsitsa. Ndipo musatenthetse chonse mofanana. Mbali imodzi ikhale ya nyama, cha m'ma 180°C mpaka 190°C, ina ikhale yofatsa ya mazira, cha m'ma 150°C. Nthawi yopanda anthu burner imodzi ikwanira. Kuti mudziwe malo otentha ndi ozizira, yalani masilayisi a buledi chitsulo chonse, mudikire pang'ono, mutembenuze. Buledi akuuzani yekha. Koma nkhuku musaidalire ndi maso a kunja, griddle yotentha kwambiri imadetsa kunja m'kati mukadali magazi. Kuno timabaya ndi choyezera, m'kati mufike 75°C.

Nachisale wa ku Dedza: Poti amisiri alipo, nane ndifunseko. Kuno June ndi July kumazizira zedi. M'mawa moto umayamba bwino, pakatha ola umafooka, ndipo silinda yanga ya 9 kg imachita thukuta, nthawi zina m'munsi mumayera ngati chisanu cha mufiriji. Koma ndikaigwedeza gasi alimo. Mwana wanga akuti tiziiyandikiza ku mbaula.

Mmisiri wa ku Limbe: Mbaula ayi mayi, ngakhale kuigoneka cham'mbali ayi. Silinda iziima chilili nthawi zonse. M'katimo gasi ndi wamadzimadzi, ndipo kuti asanduke mpweya amatenga kutentha kuchokera ku chitsulo cha silinda. Mukamakoka wambiri mu silinda yaing'ono kunja kukuzizira, imazizira mpaka kulephera. Gasi wathu ndi wosakaniza propane ndi butane. Propane amawira ngakhale pa -42°C, koma butane amalephera kukangofika pafupi ndi 0°C, ndiye silinda ikatsala pang'ono kutha vutoli limakula. Mankhwala ake ndi silinda yaikulu, 19 kg kapena 48 kg, kapena ziwiri zolumikizidwa ndi mmisiri. Ya 9 kg ndi ya kunyumba, griddle ya bizinesi imaiposa mphamvu.

Mayi a Mapasa, Cape Town: Bambo, griddle yathu ina ili ndi pilot, kalawi kakang'ono koyatsira ma burner. Ndikayatsa kalawiko n'kusiya chopotokola, kamazima. Ndi chiyani?

Mmisiri wa ku Limbe: Kanikizani chopotokola masekondi 20 mpaka 30 musanasiye. Pafupi ndi kalawiko pali kandodo kachitsulo, thermocouple. Kakatentha kamapanga timagetsi tochepa timene timagwira valavu kuti ikhale yotsegula, moto ukazima gasi amadzitseka yekha. Ngati kakuzimabe, mwina kandodoko kakutidwa ndi mwaye, kapena kasuntha sikakukhudza lawi, kapena katha kafunika kusintha. Musalole wina akuuzeni zomangirira chopotokola ndi waya kuti chisabwerere. Ndipo kwanuko malamulo amafuna kuti ntchito yolumikiza gasi igwiridwe ndi munthu wolembetsedwa ku SAQCC Gas, bungwe lolembetsa amisiri a gasi ku South Africa, apereke Certificate of Conformity, chikalata chotsimikizira kuti ntchitoyo yatsata malamulo. Auzeni abwana aitane ameneyo.

Achimwene a ku Joni: Ndisaiwale kabati ka mafuta, asisi, kaja kolandira za mu ngalande. Malo ena amene ndinkagwira kale, tinakasiya masiku atatu osakhuthula chifukwa aliyense ankati atero mnzake. Loweruka madzulo anthu atadzaza, kanasefukira m'kati, mafuta n'kufika pa burner. Ndinangoona lawi likutuluka pa mawondo anga. Mnyamata wina anathamangira ndowa ya madzi, chef anamugwira dzanja ali m'njira. Madzi pa mafuta oyaka amaphulika n'kumwaza moto khitchini yonse. Tinatseka gasi, n'kuphimba ndi bulangete la moto, wotsala tinazimitsa ndi chozimira. Tsitsi la pa mkono wanga linapserera lonse. Kuyambira tsiku limenelo sindichoka kuntchito kabatiko ndisanakasolole ndi manja anga. Muzikhuthula tsiku lililonse mafuta atazizira, m'chigubu, osati mu sinki. Kameneko ndiye mutsuke ndi sopo mmene mungafunire.

Anaphiri a ku Area 25: Mwadzuka bwanji nonse. Dzulo sindinatsegule, ndinaitana mmisiri wa kuno tinagwira limodzi. Bambo a ku Limbe, munalosera. Titasolola burner ya kumanja n'kugogoda pansi, munatuluka chibuma cha dothi la mavu, chachikulu ngati chala chamanthu, ndi timaphiko touma. Kazenera ka mpweya kanali katamatidwa ndi mafuta osakanikirana ndi fumbi, tinachita kupala ndi mpeni. Titabwezera n'kuyatsa, lawi linatuluka la buluu kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ndi kaphokoso kake kofatsa. Ndinaima pompo kumangoliyang'ana.

Koma tinapezanso china. Mmisiri anasungunula sopo m'kapu n'kupaka ndi bulashi polumikizira ponse. Pamene paipi ya rabala imalowa mu griddle, thovu linayamba kutupa ngati la mwana woseweretsa sopo. Mwini wake wakale anamangapo ndi mphira ya chubu cha njinga m'malo mwa klampu, ndipo paipiyo inali itang'aluka ng'alung'alu kumapeto. Kafungo ndinkakamva m'mawa potsegula chitseko, koma ndinkati ndi mmene gasi amakhalira.

Mmisiri wa ku Limbe: Mwapulumuka mayi. Gasi mwa iye yekha sanunkha, fungolo amachita kuthiramo dala kuti akamatuluka mudziwe. Ndipo ndi wolemera kuposa mpweya, sakwera kudenga, amayala pansi n'kudikira machesi. Mukadzamvanso m'mawa, osayatsa getsi kapena chilichonse, tsekani silinda, tsegulani zitseko. Usiku muzitseka ku silinda, osati pa zopotokolera zokha. Sopo ameneyo muzipaka nthawi iliyonse mwasintha silinda. Ndikhulupirira mwaika paipi ya gasi yeniyeni, osati yothiririra dimba?

Anaphiri a ku Area 25: Yeniyeni, ya olenji, yolembedwa LPG, ndi maklampu awiri atsopano. Taisunthanso kuchoka kukhoma. Madzulo ndinapaka mafuta kanayi monga ananenera achimwene a ku Joni, mnyamata ali pambali kuonerera. Poyamba sanamvetse, amati mayi mukudetsa chimene ndayeretsa. Lero m'mawa dzira loyamba ndamusiyira aswe yekha. Analikankha ndi chotembenuzira, linayenda lonse lathunthu, ndipo mutu sanadandaule.

Chatsala chimodzi. Titaika rula yachitsulo pamwamba, pakati pali kadzenje pang'ono, mafuta akumasonkhana pamenepo m'malo mopita ku ngalande. Ndi ndowa zija kapena?

Achimwene a ku Joni: Zikhoza kukhala ndowa zanu, zikhoza kukhalanso za mwini wake wakale. Yambani mwaona miyendo, imapotokoleka. Ikani levulo ya amisiri omanga, muwongole kumanzere ndi kumanja, kenako mbali ya ngalande itsikeko pang'ono chabe. Ngati kadzenjeko katsalabe, sikawongoka, koma sikakuletsani kuphika. Muzikapala pafupipafupi kuti mafuta asapsererepo, ndipo mazira muziswera m'mbali.

Wa Chiwaya pa Lunzu: Bambo a ku Limbe, jeti yanga ija ndinaitokosa kale chaka chatha, ndipo kunsi kwa chiwaya kumada mwaye sabata iliyonse. Yatsopano ndikaifunse bwanji kushopu?

Mmisiri wa ku Limbe: Imasuleni mupite nayo, achimwene. Pambali pake pamakhala nambala yodindidwa, mugule ya nambala yomweyo ndi mazinga ofanana. Mukabwezera mupake sopo musanayatse.